Osagula nyumba pafoni, abale

Anzanga a mumsika, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya alamu anga. Mayi amenewa akhala akugulitsa kaunjika ku Limbe zaka 14, kulawirira m'mamawa, kulimbana ndi mabelo, kuponya ku banki m'khonde osajomba. Chaka chino ndalama inakwana yoti atsanzikane ndi lendi. Dobadoba wina anawapezera nyumba konkuno ku Machinjiri: zipinda 3, malata atsopano, penti waphuliphuli. Alamu atangoiona, mtima unagwa pompo.

Mwana wawo amene akuphunzira ku MUBAS, ija tinkaitcha Poly, ndiye anawagwira dzanja. Akuti amayi, musanapereke ndalama, munthu wodziwa zomanga ayambe waiyendera nyumbayo ndipo alembe lipoti. Anapezeka mnyamata wina waulemu wake, anabwera ndi tepi ndi makwerero, anagogoda zipupa, anakwera mpaka kudenga. Patatha masiku 2 lipoti linafika pa WhatsApp, masamba 6.

Mu lipotilo munali mawu ena olembedwa mobiriwira. Akuti amenewo ndi malinki. Ukadina ndi chala, foni imakutengera pa intaneti, pamene pali umboni wa zimene mwini lipoti walemba. Alamu anandiitana kuti tidine limodzi, poti maso awiri amaposa limodzi.

Linki yoyamba inagwira ntchito yake, sindinama. Mnyamatayo analemba kuti kuseri kwa penti kuli mng'alu wochokera pa kona ya windo kutsika mpaka ku maziko, ndiponso kuti njerwa anamangira dothi, simenti ili pa pulasitala pokha. Titadina, tinapezeka m'buku la malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, lija boma linatulutsa zitachitika zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009. Zithunzi zili momwemo, maziko abwino ndi awa, chipupa chabwino ndi ichi. Tsono mwini nyumba atayamba zoti "kamng'alu ka penti chabe aka, mayi", alamu anangomuonetsa foni. Bamboyo anameza malovu, mtengo n'kutsika. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma imvani za linki yachiwiri. Pa nkhani ya umwini, lipoti linangoti mapepala ali bwinobwino, kenaka mawu obiriwira aja. Tinadina. Foni inatifikitsa pa tsamba loyamba la ofesi ina, pali chithunzi cha nyumba ya ofesiyo ndi mawu otilandira. Za puloti yathu, olo liwu limodzi. Linki yachitatu inangozungulira, kuzungulira, mpaka bandulo ya alamu inatha.

Ndinamuimbira mnyamata uja. "Mphwanga, pa za umwinipa, umboni wako uli pati?"

Anayamba wakhala chete. Kenaka akuti, "Madala, kunena zoona ine ndinangoona fotokope imene anandipatsa a dobadoba. Linkiyo ndinaika kuti mudziwe ofesi yake."

Mwamva? Mawu obiriwira aja anatipatsa mtima woti nkhani yafufuzidwa, chonsecho palibe amene anafufuza. Ndipo tsiku limenelo alamu anali atamanga kale theka la ndalama pa chitenje.

M'mawa mwake tinakwera minibasi, nambala ya puloti ili m'thumba. Paja mu Blantyre muno malo alibe mwini mmodzi: ena ali m'manja mwa khonsolo ya mzinda, ena a Malawi Housing Corporation, ena a unduna wa za malo. Uyenera kudziwa kuti buku la puloti yako lili kwa yani. Titafika pa ofesi yoyenera, anatsegula buku. Puloti ili m'dzina la bambo wa wogulitsa uja, amene anatisiya kalekale. Titafunsafunsa kwa aneba, tinamva kuti ana a malemuwo alipo 5, ndipo anayi sakudziwa n'komwe kuti nyumba ya bambo awo ili pa msika. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 silichita nthabwala pamenepa: mwana mmodzi sangangodzuka n'kugulitsa nyumba ya masiye popanda mapepala omupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Alamu akanalipira, bwenzi lero akupondaponda ku khoti, mpamba wa zaka 14 utapita.

Musandimve molakwa, ine sindikudana ndi malinki. Yoyamba ija inatiphunzitsa zimene bilidala sakanatiuza. Lipoti lopanda polozera umboni ndi mphekesera chabe yovala tayi. Koma linki yabwino ndi imene ikukufikitsa pa chinthu chenichenicho, tsamba lake, ndime yake, osati kukusiya pa geti. Inu mukagula belo, kodi mumakhutira ndi chikalata chomata pamwamba? Si mumafuna kudziwa amene wakugulitsani, kuti mukapeza sanza zokhazokha mukamupeze?

Ndiye mukamalipira munthu wokuyenderani nyumba, muuzeni izi poyambirira. Pa mfundo iliyonse alembe ngati waona ndi maso ake kapena wangouzidwa. Pambali pa linki iliyonse alembe dzina la buku kapena la ofesi ndi nambala ya tsamba, kuti intaneti ikakana, kapena ngati foni yanu ndi ya mabatani, mukhozebe kukafika. Alembe nambala ya puloti, nambala ya mita ya ESCOM ndi ya Blantyre Water Board, kuti mukafunse nokha ngati pali ngongole. Ku khonsolo mukafunsenso za msonkho wa nyumbayo. Ndipo akupatseni lipoti la papepala, losainidwa, lokhala ndi deti. Tsamba la pa intaneti limatha kusintha kapena kufufutika usiku umodzi, pepala la m'sutikesi silisintha.

Chinanso chimene simungachipeze podina: kumene madzi amadutsa. Tonse tikukumbukira Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Machinjiri nayenso ndi wa zitunda ndi makwawa. Amene anatiuza kuti mvula ikalimba madzi amawomba chipupa chakumbuyo cha nyumba ija ndi agogo ena ogulitsa makala pafupi pomwepo. Mng'alu uja tinaumvetsa tsiku limenelo. Safunsa anadya phula.

Alamu akadali pa lendi, inde, ndipo alandilodi akadagogodabe pa 1. Koma ndalama yawo ili phee, ndipo Loweruka likubwerali tikukaona nyumba ina. Mnyamata uja tamuitananso, poti anavomera kulakwa kwake. Ulendo uno akuti ayamba wapita ku ofesi ndi miyendo yake.

Tionane sabata ya mawa, geni ikuyendereni.