Galu pansi pa tebulo

Ulendo wina nditapita ku maphunziro ku Britain, anzanga ananditengera ku malo ena omwera mowa omwe amaphikanso chakudya. Ndisanakhale pansi ndinabwerera m'mbuyo ndi mantha, pakuti pansi pa tebulo loyandikana ndi lathu panali chigalu chachikulu, chitagona phee pa mapazi a mbuye wake. Wantchito wa pamalopo anachibweretsera madzi m'mbale asanatifunse ife chomwe tidye. Palibe anacheuka. Wodabwa ndinali ine ndekha.

Kwathu kuno galu akangosuzumira pa khomo la lesitilanti amalandiridwa ndi mwala. Koma tisafulumire kunena kuti anzathuwo ndi achifundo ndipo ife ndife ankhanza. Mlimi amene galu wake amapirikitsa anyani m'munda ndi kulondera khola usiku amadziwa bwino kufunika kwa chiweto chimenechi. Chomwe chikutisiyanitsa ndi matenda a chiwewe.

Nakonso ku Britain chiwewe chinkapha anthu. Boma linalamula kuti agalu azivala zotseka kukamwa, agalu osowa mwini aziphedwa, ndipo galu wochokera kunja azisungidwa payekha kwa miyezi isanu ndi umodzi. Matendawa anatha mu 1902, anabweranso mu 1918 kudzera mwa agalu olowetsedwa mozemba pa kutha kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kenaka anatheratu mu 1922. Munthu amene akudya pafupi ndi galu wa mnzake lero akukolola zimene makolo ake anafesa zaka zoposa 100 zapitazo.

Ngakhale zili choncho, ufulu wa galuyo uli ndi malire. Mwini malo ndiye amasankha kulola agalu kapena ayi, ndipo kampani ya Wetherspoon, yomwe ili ndi malo omwera mowa mazanamazana, inakhwimitsa chiletso chake mu 2018. Lamulo la ukhondo sililola galu kufika kumene chakudya chikukonzedwa kapena kusungidwa. Agalu othandiza anthu osaona ndi ena aulumali ali ndi mwayi wapadera, chifukwa lamulo la Equality Act la 2010 limateteza eni ake kuti asabwezedwe pakhomo. Galu akakhala pagulu ayenera kuvala lamba wolembedwa dzina la mwini wake ndi kumene amakhala, ndipo kuyambira mu 2016 galu aliyense amaikidwa kachipangizo pansi pa khungu kosonyeza mwini wake. Mwachidule, galu aliyense ali ndi munthu womuyankhira.

Nanga kuno kwathu? Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onse amachitenga kwa galu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoonekera, wodwalayo sachira. Mayi amene amakoka mwana wake akaona galu pa msika sakuchita mantha achabe.

Chosangalatsa n'chakuti ife tili ndi katemera wa agalu, chida chimene a ku Britain sanagwiritse ntchito pa nkhondo yawo ija. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akamabayidwa chaka ndi chaka, matendawa amasowa podutsa. Izi zaoneka kale ku Malawi. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a zaziweto, linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo m'zaka zotsatira chiwerengero cha ana ofika ndi chiwewe pa chipatala cha Queen Elizabeth chinatsika kwambiri.

Tsono inu alangizi ndi alimi anzanga, ntchitoyi ndi yathu. Mutu umodzi susenza denga: galu wanu yekha akabayidwa pamene a mudzi wonse sanabayidwe, mwana wanu akadali pa chiopsezo. Kambiranani ndi amfumu ndi alangizi a ziweto za tsiku la katemera, ndipo 28 September, tsiku lokumbukira chiwewe pa dziko lonse, likhale poyambira. Sungani chikalata cha katemera monga momwe mumasungira khadi la ku sikelo. Dyetsani galu wanu kuti asamayendeyende m'mabala ndi m'misika kufuna makombo. Munthu akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo osadikira kuona ngati galuyo adwale.

Sindikupempha eni malesitilanti kuti ayambe kuyalira agalu mphasa. Chimene ndinasirira usiku uja ndi mtendere wa mayi wina amene anapitiriza kudya mwana wake akusisita khutu la galu wa eni. Mtendere umenewo ndi umene ndikuufunira mayi wa pa msika uja.