Wakutsina Khutu Ndi Mnansi

M'chaka cha 2019 bungwe la Internet Society lidalemba dzina la Bambo Larry Irving m'kaundula wa anthu olemekezeka wotchedwa Internet Hall of Fame. Iwo adali munthu wakuda woyamba wa ku America kulandira ulemu umenewu. Bambo Irving ndi loya, ndipo chimene chidawatengera ulemuwo ndi ntchito imene adagwira m'boma kuyambira 1993 mpaka 1999.

Pulezidenti Bill Clinton ndiye adawasankha kuti atsogolere nthambi ya NTIA mu unduna wa zamalonda, nthambi imene imalangiza Pulezidenti pa za matelefoni ndi mauthenga. Pa nthawi imeneyo intaneti idali itangoyamba kulowa m'nyumba za anthu, ndipo ambiri ankangoyamikira kukoma kwake. Bambo Irving adafunsa funso lina, loti kodi amene akutsala m'mbuyo ndani. Nthambi yawo, pogwiritsa ntchito ziwerengero za ofesi ya kalembera wa dziko, idatulutsa malipoti atatu otchedwa Falling Through the Net m'zaka za 1995, 1998 ndi 1999.

Zimene malipotiwo adaonetsa sizidali zokondweretsa. M'chaka cha 1997, pa mabanja 100 alionse a azungu, mabanja 21 adali ndi intaneti kunyumba, pamene pa mabanja 100 a anthu akuda adalipo pafupifupi 8 okha. Pofika kumapeto kwa 1998 azungu adafika pafupifupi pa 30, akuda pa 11. Onse adapita patsogolo, koma mpata pakati pawo udakula. Mawu oti "digital divide", onena za mpata umenewu, adatchuka kwambiri chifukwa cha Bambo Irving ndi malipotiwa.

Chofunika kuchimvetsa ndi chakuti mpatawo udakula boma limene lidawapatsa udindo lili pa mpando. Wantchito wamantha akadabisa pepalalo m'kabati, kapena akadangolengeza kuti mabanja akuda okhala ndi intaneti achuluka, zimene zidali zoona ndithu koma zosakwanira. Bambo Irving adanena zonse, pakuti boma silingachize nthenda imene antchito ake akulibisira. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndiponso iwo sadalekere pa kuwerenga anthu. Kuyambira 1994 nthambi yawo idayamba kupereka ndalama kwa masukulu, zipatala, nyumba zowerengeramo mabuku ndi mabungwe a m'madera kuti alumikizidwe, ndipo olandirawo ankayenera kuikapo gawo lawo. Lamulo la zamatelefoni la 1996, limene boma la Clinton lidalimbikira, lidatsegula njira yoti masukulu ndi nyumba za mabuku azichotseredwa mtengo wa intaneti kuyambira 20 mpaka 90 pa 100 iliyonse, ndipo sukulu ya ana osauka kwambiri ndiyo idachotseredwa zambiri. Mwana amene kwawo kudalibe kompyuta adatha kuipeza kusukulu.

Nkhani imeneyi ili ndi phunziro kwa akuluakulu a Chipani ndi onse ogwira ntchito m'boma. Pali ena amene amaganiza kuti kukhulupirika ndiko kutumiza kulikulu malipoti okoma okhaokha. Maganizo otere ndi olakwika, ndipo amapweteka Chipani ndi boma lomwe. Mkulu wa ofesi akalemba kuti chitukuko chafika paliponse, nduna imatumiza ndalama kwina, ndipo mudzi umene udatsala umatsaliratu. Anthu a m'mudzi umenewo sadzadzudzula kalaliki amene adalemba lipoti. Adzadzudzula boma.

Choncho mlembi wamkulu wa unduna, bwanamkubwa ndi wapampando wa nthambi, aliyense pamalo pake, ayenera kudziwa chiwerengero cha anthu amene chitukuko sichidawafikire, kudziwa kumene akukhala, ndi kuuza atsogoleri nthawi ikadalipo. Nawonso atsogoleri ayenera kumuteteza wantchito wotere, chifukwa akamulanga, anzake onse adzaphunzira kukhala chete.