Tisadikire labu, timange kompyuta yathu yaing'ono

Anzanga, chaka chilichonse pasukulu pano pamamveka mphekesera yoti kukubwera a bungwe lina kudzatimangira labu ya makompyuta. A Fomu 4 anaimva nkhaniyi ali Fomu 1, ndipo atuluka asanagwirepo kiyibodi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Ine maganizo anga ndi akuti tileke kudikira makompyuta 40 a m'maloto, timange imodzi yathu, yaing'ono, teremu ikubwerayi.

Musaseke. Sindikunena zosungunula zitsulo ayi. Kumanga kompyuta ndi kulumikiza zigawo zomwe zinapangidwa kale, monga amachitira okonza njinga pa Njuli paja: felemu apa, tcheni apo, mpaka njinga yayenda.

Pali kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi. Kanapangidwa ku Cambridge, m'dziko la Britain, ndipo kanayamba kugulitsidwa mu 2012 pa mtengo wa madola 35. Eben Upton ndi anzake anakapanga ataona kuti ana ambiri kwawoko akungodziwa kuseweretsa makompyuta koma sakudziwa kulemba mapulogalamu. Ndiye kanapangidwira ana asukulu ngati ife tomwe. Kukula kwake n'chimodzimodzi chitupa cha unzika chija amayenda nacho makolo athu. Pakabolodi kamodziko pali ubongo wa kompyuta, memore, ndi mabowo olowetsamo mawaya. Zotsala n'zoti timazidziwa kale. M'malo mwa hard disk mumalowetsa memore khadi, yomwe ija timaikamo nyimbo pafoni. M'malo mwa sikirini yodula mumalumikiza TV iliyonse yokhala ndi bowo la HDMI. Kiyibodi ndi mausi ndi za USB wamba, zakale zomwe zimagwira, ndipo ku Limbe zimapezeka. Bokosi lake tikhoza kukhoma tokha ndi timatabwa, bola tiboole mabowo olowera mpweya chifukwa kamatentha kakagwira ntchito nthawi yaitali, komanso tizikavundikira ndi nsalu poweruka. Fumbi la mu Okutobala mukulidziwa.

Chomwe chinandikopa ine kwambiri ndi nkhani ya magetsi. Kompyuta yaikulu ija ya mu ofesi, pamodzi ndi sikirini yake, imatha kudya mawati opitirira 100. Raspberry Pi 4, yomwe inatuluka mu 2019, imayendera mavoti 5 okha, ndipo chaja yake ndi ya mawati 15. Tinene kuti imadya ngati foni imene ili pa chaja. TV nayo imafuna moto wake, zoona, koma sola imodzi ndi batire zikhoza kunyamula zonse ziwiri masana onse. Anthu oonetsa mpira m'mavidiyo shoo akuchita zimenezi tsiku ndi tsiku. Nanga ife tikalephere bwanji, pomwe za mavoti ndi mawati tikuziloweza m'kalasi kukonzekera JCE?

Tsono wina afunsa kuti, "Aise, popanda intaneti kompyutayo tizitani nayo?" Apa ndi pomwe ambiri timasokoneza. Timaganiza kuti kompyuta ndi Facebook ndi mafilimu. Kulemba mapulogalamu sikufuna bando. Intaneti imafunika poyamba pokha, pokopera pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyutayo, yotchedwa Raspberry Pi OS, yomwe ndi yaulere. Ikalowa mu memore khadi basi, mutha kuphunzira chaka chonse netiweki ili zii. M'katimo muli chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa Python, chomwe akuluakulu a ntchitoyi amagwiritsa ntchito padziko lonse. Muthanso kuikamo Scratch, momwe oyamba kumene amangolumikiza timabokosi ta malamulo pa sikirini, kachithunzi n'kumayenda. Palinso pulogalamu ina, Kiwix, imene imasunga nkhani za Wikipedia kuti muziwerenga popanda intaneti. Laibulale yathu ija ya mashelefu awiri ingasangalale.

Ndipo tisaganize zopanga magemu kaye. Taonani aphunzitsi athu kumapeto kwa teremu, atakhala pansi pa mtengo ndi kakyuleta, kuwonkhetsa malikisi a ana 90 kuti apeze nambala wani mpaka womaliza. Pulogalamu ya mizere yochepa chabe ya Python ikhoza kuwonkhetsa ndi kusanja mayina onsewo munthu asanameze malovu. Ina ikhoza kusunga mayina a obwereka mabuku, kuti zija zomakanirana kuti "ine ndinabweza" zithe. Inanso ikhoza kuwerengera mayi ogulitsa nandolo kapena tomato kuti pa ndalama zomwe analowetsa, kuphatikiza thiransipoti, apindula zingati. Mavuto amenewa munthu wa ku London sangatilembere pulogalamu yake, sakuwadziwa n'komwe.

Ndikudziwa zomwe ena anene, ndipo sakulakwa kwenikweni. Madesiki ndi ochepa, buku limodzi tikugawana anthu asanu, zimbudzi za atsikana zikufunika kukonza. Zimenezo zikhale patsogolo, sindikutsutsa. N'chifukwa chake sindikupempha labu. Madola ndi ovuta kupeza masiku ano, ndipo kabolodiko pofika kuno mtengo wake udzakhala utakwera ndi zotumizira ndi msonkho. Komabe ndi mtengo wa chinthu chimodzi, woti a PTA atha kuukambirana pa msonkhano umodzi, kapena kalabu ya sayansi kulima dimba la masamba n'kusonkha. Akale a pasukulu pano amene ali ku Joni tingawalembere kalata, pajatu kabolodiko n'kolowa m'thumba la malaya. Za akuba nazo zisatiopse: labu imafuna mlonda ndi mawindo a zitsulo, koma aka ahedi atha kukatsekera mu kabati poweruka.

Vuto lenileni lomwe ine ndikuliona ndi ili: kompyuta imodzi, ana mazanamazana. Tikapanda kusamala idzasanduka ya anyamata atatu otchuka a Fomu 4, enafe tizingosuzumira pawindo. Ndiye pakhale ndandanda yomatidwa pabolodi pompano, magulu a anthu anayi, ndipo gulu lililonse likhale ndi atsikana awiri amene azigwiradi kiyibodi, osati ongoimirira kumbuyo. Amene anayambitsa mHub ku Lilongwe, malo ophunzitsira achinyamata luso la makompyuta, ndi mayi, Rachel Sibande. Nthawinso ikhale ya buleki kapena masana tisanaweruke, chifukwa ambirife timayenda mtunda wautali ndipo kunyumba kumakhala kukudikira mtondo ndi madzi. Pulogalamu munthu umayamba walemba mu kope, kompyuta n'kungoyesera ngati yagwira. Choncho mphindi 20 pa gulu zikwana.

William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anali ndi zaka 14 pomwe anamanga makina a mphepo opangira magetsi, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Anagwiritsa ntchito zitsulo zotola ndi buku la mu laibulale. Ife tili pasukulu, aphunzitsi a sayansi tili nawo, ndipo yunivesite ya Katolika ili pa Nguludi pompa, MUST ili ku Thyolo, MUBAS ili mu Blantyre. Tsiku lina mmodzi wa ife akasankhidwa kupita kumeneko, akakhala m'kalasi limodzi ndi ana amene anayamba kugwira laputopu ali Sitandade 5.

Pansi pa nkhaniyi ndamata pepala lopanda kanthu. Amene mukufuna kuti tikaonane ndi aphunzitsi a kalabu ya sayansi Lachitatu pa buleki, lembani dzina ndi kalasi yanu. Ngati kwanu kuli kiyibodi kapena mausi yakale yongokhala, lembaninso zimenezo pambali pa dzinalo. Ndipo chonde, inu okonda kung'amba mapepala a pabolodi kuti mukulungire zitumbuwa, ili lokha lisiyeni.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2