Tisheti Siteteza Munthu

Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Machinjiri, tonse timazidziwa: zokuzira mawu pabwalo, sewero la Edzi, oimba awiri, matisheti ndi Fanta. Madzulo achinyamata asaina pepala, ndipo lipoti lipita kwa opereka thandizo kuti uthenga wafika. Ine ndikuti uku ndi kuwerenga mitu. Funso lenileni ndi lakuti: pakatha chaka, ndi atsikana angati amene sanatenge mimba, ndi anyamata angati amene asiya chamba ndi kachasu?

Musanene kuti chilichonse chimathandizako. Ku America, pulogalamu ya D.A.R.E., yomwe inayamba ku Los Angeles mu 1983, inkatumiza apolisi m'masukulu kukalangiza ana za mankhwala osokoneza bongo. Inatchuka, inadya ndalama zambiri, koma ofufuza atayeza anapeza kuti sinasinthe kwenikweni khalidwe la ana.

Kuyeza n'kotheka ngakhale kwathu kuno. Ku Zomba, kuyambira mu 2008, ofufuza ankapatsa atsikana ena ndi makolo awo kandalama mwezi ndi mwezi, n'kuwayerekeza ndi anzawo amene sankalandira. Zotsatira zomwe zinatuluka mu The Lancet mu 2012 zinasonyeza kuti mwa atsikana apasukulu olandira ndalama, 1.2 peresenti anali ndi HIV, pamene mwa osalandira anali 3 peresenti. Ofufuzawo atabwereranso ndalama zitasiya, anapeza kuti phindu lambiri lazilala. Uthenga wowawa, koma anaupeza chifukwa anabwerera. Ndi angati amene amabwerera ku Zingwangwa tenti ikaphwasulidwa?

Chiyambireni 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lambiri, ndalama zachepa. Kwacha iliyonse yopita ku matisheti yalandidwa kwa mtsikana amene akusowa fizi.

Ambiri a ife tikamaliza digiri tidzafuna ntchito m'mabungwe omwewa. Tisadzangolandira alawansi. Tidzafunse: pulogalamuyi inayesedwa kuti, ndipo inasintha chiyani? Achinyamata a ku Chilomoni anafunsidwa, kapena inalembedwa mu hotelo ku nyanja? Woiphunzitsa anaphunzitsidwa mokwanira, ndipo amamaliza magawo onse? Ndani adzayeze zotsatira, ndipo zikadzakhala zoipa adzaziulula?

Bungwe limene likukana mafunso amenewa likuteteza malipiro ake, osati ana athu.