GAWO 33 SI CHIKWAPU CHOMENYERA AMAYI

Anzathu a ku Ndirande, Kawale, Chibavi ndi konse kumene uthengawu ufike, tamverani.

Mayi akangoti aime pa ukhansala kapena uphungu, pamatulukira abambo ena Baibulo kapena Korani ili kukhwapa. Eti mkazi salamulira, chipembedzo chimakana. Ukawatsutsa, akuti ukuwaphera ufulu wopembedza. Ufulu wake uti?

Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, limapereka ufulu wa chipembedzo, chikumbumtima ndi maganizo kwa munthu aliyense. Silinati abusa ndi mashehe okha ayi. Ngati mpingo wanu sudzoza amayi, zimenezo ndi za kwanu komweko, boma silikulowererani. Koma Nyumba ya Malamulo si tchalitchi kapena mzikiti. Kumeneko kumagwira ntchito gawo 20 loletsa tsankho ndi gawo 24 la ufulu wa amayi.

Funsani agogo anu. Boma lomwe linaletsa Mboni za Yehova mu 1967 ndi lomwenso linakhazikitsa lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yaifupi. Ntchito ya mayi pandale inali kuvina atavala nsalu ya nkhope ya mtsogoleri. Rose Chibambo, yemwe lero timagulira tomato nkhope yake ili pa K200, anachita kuthawa m'dziko muno mikangano ya nduna ya 1964 itabuka. Wopondereza chipembedzo ndi wopondereza amayi anali mmodzi yemweyo.

Ndiye mu 2023, ana achirasta atakanizidwa sukulu za boma kwa zaka chifukwa cha tsitsi lawo, anagamula kukhoti lalikulu ku Zomba kuti alandiridwe ndani? Justice Zione Ntaba. Mayi. Akanamvera zoti mkazi asakhale pampando, ana aja bwenzi akudikirabe pageti.

Zipani nazonso zisabisale kumbuyo kwa guwa. Pa chisankho cha 2019, amayi sanafike ndi 50 omwe pa mipando 193. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limati polemba ntchito m'boma mbali imodzi isapitirire 60 pa 100 alionse, koma pa mapulaimale a zipani silifikapo. Kumeneko mayi amapatsidwabe chitenje, mpando n'kupita kwa bwana wandalama.

Mukamva wina akulalikira zimenezi pamsonkhano wachipani, imikani mkono, mumufunse mwaulemu kuti watenga gawo liti la malamulo. Tumizani uthengawu m'magulu onse a WhatsApp, la kwaya ndi la kumzikiti lomwe.