Zotero ndi vuto la "Mbiri Ya Achewa"

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu amene mukukweza dipuloma kuti ikhale digiri, ndi inu ana anga amene tsopano muli kukoleji, lero tikambirane za mndandanda wa mabuku uja timaika kumapeto kwa pepala. Ine unandigonetsa mochedwa teremu yathayi. Mabuku ena anali a Chingerezi, ena a Chichewa, ndipo pepala linabwerako litafiira ndi cholembera cha aphunzitsi ondiyang'anira.

Mapulogalamu a pakompyuta othandiza ntchito imeneyi otchuka ndi atatu. EndNote ndi wogula, ndipo pa malipiro a mphunzitsi tingomusiya. Mendeley ndi waulere, koma kampani ya Elsevier inamugula mu 2013, ndipo kuyambira mu Seputembala 2022 inasiya kupereka mtundu wake wakale. Watsopanoyu amadalira kwambiri intaneti. Kuno ku Nambuma, kumene bandulo imatha tsamba lisanatseguke, zimenezo si zamasewera.

Ine ndasankha Zotero, amene anayamba mu 2006 ku George Mason University ku America. Ndi waulere, mabuku amawasunga mu laputopu mwanu momwemo, ndipo amagwira ntchito mu Word ngakhale netiweki itathawa.

Koma musamukhulupirire ngati mfumu. Ndinalowetsa buku la Samuel Ntara, Mbiri ya Achewa, nditasankha kalembedwe ka Chicago. Iye anatulutsa "Mbiri Ya Achewa". Ya wamkulu! Ndikanakhala ndikuchonga mayeso a Fomu 2 ndikanadula malikisi. Chifukwa chake n'chakuti mukasiya malo olembapo chiyankhulo opanda kanthu, Zotero amaganiza kuti mutuwo ndi wa Chingerezi, ndiye amakuza chilembo choyamba cha mawu aliwonse amene sawadziwa kuti ndi tilumikizi ta Chingerezi. Mankhwala ake ndi zilembo ziwiri zokha: lembani ny pamalo a Language. Chimenecho ndi chizindikiro cha Chinyanja kapena Chichewa. Mukatero mutu umatsala momwe munaulembera. Buku la Chipwitikizi lochokera ku Tete lembani pt.

Pali zina zimene pulogalamu iliyonse singakuganizireni. Dzina la mlembi yemweyu mabuku ena amalemba Ntara, ena Nthara. Mukakopera zonse ziwiri kuchokera pa intaneti, mndandanda udzaonetsa anthu awiri, pomwe ndi mmodzi. Tsegulani bukulo muone pachikuto. Ndiponso Nthondo wa 1933 ndi Man of Africa wa 1934, amene T. Cullen Young anamasulira, ndi nkhani imodzi koma mabuku awiri. Tchulani limene munawerengadi, osati limene likumveka la ophunzira.

Mabuku athu akale ambiri alibe nambala ya ISBN, choncho mudzalemba pamanja dzina, chaka ndi wosindikiza. Ine ndinachita zimenezi Loweruka lathunthu, mabuku khumi ndi anayi, batire litatsala pang'ono kuzima. Samalaninso ndi ŵ wa mu Malaŵi: ngati pachikuto alipo, mumuike. Zotero amamusunga bwinobwino, koma pa kiyibodi yanga mulibe, ndiye ndimachita kumukopera kuchokera kwina.