Phunziro la moto liyambire pa mbaula

Mabuku ambiri a zachitetezo amati nyumba iliyonse ikhale ndi alamu yomva utsi. Malangizowa ndi abwino, koma amene anawalemba ankaganiza za nyumba ya zipinda zambiri, ya khitchini yakeyake ndi chitofu cha magetsi. Ana a m'makomboni a maesiteti a tiyi ku Chipinge ndi ku Honde Valley, ena mwa iwo adzukulu a anthu amene anachoka ku Malawi kudzathyola tiyi, ambiri sagona m'nyumba zotere. Maganizo anga ndi akuti phunziro la moto liyambire pa mbaula, kandulo ndi koloboyi. Alamu ibwere pambuyo.

Alamu ya utsi imaikidwa kudenga, ndipo imalira utsi ukalowa m'kati mwake. Tsono m'nyumba ya chipinda chimodzi kapena ziwiri, momwe mumaphikidwa ndi nkhuni, idzalira madzulo alionse. Sabata siitha, bambo atopa nayo n'kuchotsa batire. Chachiwiri, alamu ya utsi wamba siimva mpweya wa carbon monoxide wochokera ku makala. M'mwezi wa Juni ndi Julaye kumapiri kuno kumazizira, anthu n'kulowetsa mbaula, kutseka chitseko ndi zenera. Mpweyawu ulibe fungo ngakhale mtundu. Munthu amayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenaka tulo, ndipo ena sadzukanso.

Sindikunena kuti zipangizo n'zachabe ayi. Pa 1 Januwale 2013 moto unatentha nyumba zamalata mazanamazana ku Khayelitsha, ku Cape Town. Mu 2014 kampani ya Lumkani inayamba kugawa kachipangizo komva kukwera msanga kwa kutentha, osati utsi, kotero kuphika sikukaliza. Kakalira m'nyumba imodzi, tinzake ta m'nyumba zoyandikana timaliranso. Apa tikuphunzirapo ziwiri: chipangizo chigwirizane ndi nyumba yake, ndipo moto ndi nkhani ya mzere wonse wa nyumba. Ku esiteti monga Ratelshoek kapena Aberfoyle, galimoto yozimitsa moto yochokera m'tauni singafike m'mphindi zochepa. Woyamba kufika ndi mnansi, ndipo kawirikawiri woyamba kuona motowo ndi mwana.

Wina anena kuti silabasi yadzaza kale. Zoona, koma phunziroli silifuna nthawi yakeyake. Amene tinaphunzira kuphunzitsa akuluakulu kuwerenga timadziwa kuti mawu ogwira mtima ndi a pakhomo. Lembani pa bolodi moto, utsi, makala, machesi, ana awerenge ndi kukambirana. Ajambule nyumba yakwawo, asonyeze pamene pamakhala palafini, pamene amagona ndi potulukira. Kenaka tulukani nawo pabwalo muyeserere, chifukwa thupi limakumbuka zimene lachita.

Mwana aliyense adziwe izi. Mbaula ituluke panja anthu asanagone. Kandulo isasiyidwe yokha kapena pafupi ndi neti ndi katani. Utsi ukadzaza, akwawe pansi, atuluke akukuwa, asabwererenso kukatenga kanthu. Zovala zikagwira moto asathamange, agwe pansi n'kugubuduzika. Mafuta ophikira akayaka asathire madzi, avundikire mphikawo. Pamene wapsa athirepo madzi ozizira kwa mphindi 20, osati dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano, kenaka apite kuchipatala.

Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 180,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kupsa, ambiri m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Banja limene lingathe kugula alamu ligule, liike kutali ndi pophikira, liziyesa mwezi uliwonse. Koma inu aphunzitsi anzanga musadikire kuti alamu zifike m'komboni. Nyengo yozizira isanayambe, funsani kalasi yanu kuti ndi angati amagona ndi mbaula m'nyumba, muwerenge manja amene akwezedwe, ndipo muyambire pomwepo.